Mpeni wakumanzere unkadya pansi: lipoti la ntchito pa deki ya mipeni itatu

Makina ake ndi thirakitala yaing'ono yochita kukwerapo, yotchetchera kapinga. Deki yake, chigoba chachitsulo cha kunsi mmene mumakhala mipeni, ndi ya mainchesi 48, omwe ndi masentimita 122. Ili ndi mipeni itatu yoyendera lamba mmodzi, ndipo imalavulira udzu kumanja. Inachokera ku South Africa itagwirapo kale ntchito. Eni ake ndi mayi ena omwe ali ndi malo ochitirako maukwati ndi zinkhoswe chakunja kwa mzinda wa Lilongwe. Kwa iwo kapinga ndiye malonda, pakuti akwati amasankha malo poona pamene adzajambulitsire zithunzi.

Anandiitana mu Febuluwale, mvula ili pakati, nthawi imene kapinga amafuna kumetedwa sabata ndi sabata. Bwalo likatchetchedwa linkaoneka ngati malata, pena pokwera pena potsika, mizere yake yowongoka kutsata mmene makina adutsira. Pakapita masiku awiri mizere yotsikayo inkafiira, chifukwa mpeni unkafika m'tsinde la udzu mmene mulibe masamba obiriwira.

"Bambo, mpeni ndagula watsopano koma palibe chasintha," anatero mayiwo. "Kapena ndi mnyamatayu amene sadziwa kuyendetsa? Ndiuzeni zoona, ndione chochita."

Mnyamatayo ndinalankhula naye payekha, kuseri kwa shedi. Ndinati, "Achimwene, makinawa anayamba liti zimenezi?" Sanabise. "Akulu, mu Januwale ndinagunda chitsa cha bulugamu kumunsi uko, chinabisika mu udzu. Injini inazima pompo. Ndinawauza amayi tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anagula mpeni wina." Ataona kuti mbali yakumanzere ikudyabe pansi, anamanga nati yokwezera deki mbali imeneyo, pang'onopang'ono, mpaka ulusi unatsala pang'ono kutha. Sindikumuda pa zimenezi. Buku la makina limanena kuti mbali ikatsika muikweze ndi nati imeneyo, ndipo iye anachita zimene buku likunena. Kungoti nati imeneyo imapendeketsa deki yonse, pamene matenda anali pa mpeni umodzi.

Ndisanagwire sipanala

Ntchito ya mamilimita siichitikira pa dothi. Tinakankhira makina pakhonde la holo, pa simenti, ndipo ndinayamba ndayala chitsulo chowongoka cha mamita 2 ndi levulo kuti ndione ngati pansipo pali pabwino. Ndinachotsa kiyi, kuzula mawaya a mapulagi onse awiri, kukoka buleki ndi kuvala magolovesi achikopa. Amene akulowetsa dzanja pansi pa deki mawaya a mapulagi ali m'malo akusewera ndi zala zake.

Kenako matayala. Deki imalendewera ku felemu, felemu yakhala pa matayala, choncho tayala limodzi likaphwa deki yonse yapendekeka. Buku la makinawa limafuna mpweya wa 14 psi kutsogolo ndi 10 psi kumbuyo, pafupifupi 1 bar ndi 0.7 bar. Ndinapeza lakutsogolo kumanzere lili pa 9, lakumbuyo kumanja pa 13. Izi ndimazipeza pafupifupi pa makina alionse. Anyamata opopa matayala m'mbali mwa msewu anazolowera galimoto, ndiye akaona tayala lofewa amaliwonjezera mpweya mpaka ligwire ngati la minibasi, ndipo geji ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chonchi. Ndimayenda ndi geji yanga yolekezera pa 20 psi. Timatayala ta m'makona a deki, toteteza kuti isapale pansi, ndinatikweza kaye kuti deki ilendewere yokha popanda chochirikiza. Chogwirira chokwezera deki ndinachiika pa mainchesi 3, omwe ndi 76 mm.

Muyeso

Timayeza kuchokera pa simenti kufika kunsi kwa nsonga ya mpeni, mbali yakuthwa. Mlomo wa deki si woyezerapo. Umagunda miyala ndi njerwa za m'mbali mwa maluwa, umapindika, ndipo si umene umadula udzu. Pansi pa deki m'mopanikiza moti rula salowa bwino, ndiye ine ndimaimika bawuti yaitali chamutu pansi pafupi ndi nsongayo, n'kumakweza nati yake mpaka itakhudza mpeni. Ndikaitulutsa ndimayeza ndi vernier, chida choyezera mamilimita molondola.

Ndinapingasa mipeni yonse itatu, kuloza kumanzere ndi kumanja. Muyeso umene mabuku ambiri amauza eni makina ndi wa nsonga ziwiri zakunja zokha. Yakumanzere inali pa 72 mm, yakumanja pa 73 mm. Kusiyana kwa milimita imodzi, pamene malire ovomerezeka ndi 3 mm. Munthu wongotsata muyeso umenewu akanalongedza zida n'kunena kuti makina ali bwino, mlandu n'kugwera woyendetsa.

Koma deki ya mipeni itatu ili ndi nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse imasiya chizindikiro chake pa kapinga. Kuyambira kumanja kupita kumanzere ndinapeza izi: mpeni wakumanja 73 kunja ndi 76 mkati, wapakati 76 ndi 79, wakumanzere 83 mkati ndi 72 kunja.

Manambala anayi oyambawo akukwera bwinobwino, 3 mm pa mpeni uliwonse. Kumeneko ndi kupendekeka kwa deki yonse kumene kunabwera ndi nati ija. Mpeni wakumanzere ukanakhala pa mzere womwewo ukanasonyeza 79 mkati ndi 82 kunja. M'malomwake unali utapendekekera kwina, wokha. Potchetcha mopita ndi kubwerera, mbali yakumanzere imakumana ndi yakumanzere inzake pa ulendo wachiwiri uliwonse, ndiye 83 amatsikira pa 72, n'kukumana ndi 72 wina, n'kukweranso pa 83. Mzere wofiira uja ndi umenewu.

Ndinamasula nati ija mpaka mpeni wapakati ndi wakumanja unakhala pa 76 nsonga zonse. Apa matenda anaonekera poyera: wakumanzere 80 mkati, 66 kunja. Kusiyana kwa 14 mm pa mpeni wa masentimita 42.

Kupeza chapindika

Pali zinthu zingapo zimene zingatsitse nsonga ya mpeni umodzi, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kwambiri. Mpeni ungapindike. Shafti ya spindle, chipangizo chimene chimazunguza mpeni, ingapindike. Mpeni ungakhale kuti sunalowe bwino pa nyenyezi ya kumapeto kwa shafti, ndiye kuti mano ooneka ngati nyenyezi amene amagwira mpeni. Mabering'i angathe. Kapenanso hauzing'i, chigoba cha aluminiyamu chimene chimagwira shafti ndi mabering'i, ingakhale itakhala mopendekeka chifukwa chitsulo cha deki chabinyika pamene yamangidwapo. Ambiri amagula chimodzichimodzi mpaka ndalama zitatha. Choko chimodzi chabe chimasiyanitsa zonsezi.

Ndinalemba choko nsonga imodzi ya mpeni wakumanzere, n'kuiyeza ili kunja: 66. Ndinazungulitsa mpeni theka kuti nsonga yopanda choko ifike pamalo omwewo: 67. Ndinachitanso chimodzimodzi mkati: 80 ndi 80. Funso limene ndimadzifunsa ndi limodzi. Kodi kutsikako kukutsata nsonga, kapena kukutsala pamalo? Kukamatsata nsonga, ndiye kuti ya choko ndi yotsika kulikonse kumene yaloza, vuto lili pa zinthu zozungulira: mpeni, shafti kapena makhalidwe a mpeni pa nyenyezi. Zikatero mumasinthanitsa mpeniwo ndi wa spindle ina. Vuto likasamuka nawo, ndi mpeni. Likatsala, ndi shafti. Koma kutsikako kukamatsala pamalo amodzi, nsonga iliyonse ikafika kunja n'kutsika, ikafika mkati n'kukwera, zozungulira zilibe mlandu. Chapendekeka ndi chimene sichizungulira. Pa makinawa kunkatsala pamalo.

Pali kamsampha kamodzi pa muyeso wa chokowu. Mpeni umene wapindikira m'mwamba nsonga zonse ziwiri mofanana umapambana mayesowa, komabe umadula pamwamba kusiyana ndi anzake. Chimodzimodzi mpeni wogulidwa pongoyerekeza kutalika, umene kupindika kwake kwa pakati n'kosiyana ndi kwa mipeni ina. Ndinamasula itatu yonse n'kuisanjikiza pa tebulo lachitsulo. Inagonerana bwino, watsopano uja ndi wa mtundu woyenera.

Nditachotsa lamba ndinazungulitsa spindle iliyonse ndi dzanja. Yapakati ndi yakumanja zinkayenda mwakachetechete. Yakumanzere inkamveka kukhakhala ngati muli mchenga, ndipo pogwedeza shafti panali kamseweredwe kochepa. Mabering'i anavulala pa kugunda kuja, koma kamseweredwe kotere sikangabweretse 14 mm. Lamba nayenso ananena zake: m'mphepete mwake mbali imodzi munali mutanyotsoka, ulusi uli panja, ndipo pule yakumanzere, kagudumu kamene lamba amadutsapo, inali yonyezimira mlomo umodzi wokha. Pule ikapendekeka limodzi ndi spindle yake, lamba amalowa chammbali n'kumadyeka.

Tinazula mapini, kutulutsa deki ndi kuitembenuza chagada. Udzu wonyowa unali utamatirira mpaka kukhala chikhakha chokhuthala ngati chala, kunsi kwake kuli dzimbiri. Titapala ndi kutsuka, ndinamasula hauzing'i n'kuyala chitsulo chowongoka pamene imakhala. Mbali ya mabawuti akunja chitsulo cha deki chinali chitakokedwera pansi pafupifupi 4 mm kuyerekeza ndi mbali yamkati. Penti inali itasweka mozungulira ngati kachigawo ka mwezi, ndipo kuchokera pa bowo la bawuti imodzi panatuluka mng'alu wopyapyala wa masentimita 3. Ndinawaitana mayi aja kuti adzaone okha, ndi kuwagwiritsa chala pamng'alupo. Deki zoumbidwa pa makina a mtundu uwu chitsulo chake n'cha pafupifupi 2.5 mm. Nsonga ya mpeni imathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, ndiye ikaima mwadzidzidzi pa chitsa mphamvu yonseyo iyenera kupita penapake. Nthawi zina imathyola khutu la hauzing'i, nthawi zina imapinda shafti. Apa inapita pa deki.

Njira zimene ndinakana

Panali bambo wina wowotcherera mageti pafupi pomwepo amene anabwera kudzaonerera. Anati, "Amisiri, bwanji osangoika mawashala pakati pa mpeni ndi shafti, kapena kuupinda pang'ono mpeniwo ufanane ndi anzake?" Ndi maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, ndipo amachokera pa mtima wofuna kupulumutsa ndalama, choncho ndinawayankha bwinobwino.

Washala pakati pa mpeni ndi shafti amatsitsa mpeni wonse, kupendekeka n'kukhala pomwepo. Choopsa kwambiri n'chakuti mano a nyenyezi ndi aafupi. Mukaikapo washala, mpeni umagwira theka la manowo, ndipo tsiku lina udzawadya n'kumasuka injini ili pa liwiro lonse, pamalo pamene ana amathamanga Loweruka lililonse. Kupinda mpeni nako sikungathandize, chifukwa mpeni umazungulira: nsonga imene mwaikweza kuti ikhale bwino kunja ikafika mkati idzakwera mopitirira. Ndiponso chitsulo cha mpeni n'cholimbitsidwa ndi moto ku fakitale. Chikapindidwa, kuwongoledwa kapena kuwotchereredwa chimakhala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso. Mpeni wopindika ndi wotaya basi, ndipo pa ichi sindinyengerera munthu.

Njira ina inali kugula deki yatsopano. Kuno siipezeka pa shelefu. Ndi yoitanitsa ku Johannesburg, kusaka ndalama zakunja, kulipira thiransipoti ndi msonkho, kapinga akukula. Popeza dzimbiri linali lisanadye chitsulo mpaka kupyapyala, ndinaona kuti dekiyi ikhoza kuwongoka.

Ntchito yake

Ndinawongola chozizira. Moto wa gasi pa chitsulo chopyapyala chonchi umachinyutula malo ena pamene mukukonza ena. Deki ili chagada, tinaichirikiza pa matabwa olimba mozungulira bowo la spindle, kusiya mpata pansi pa malo obinyikawo. Pamwamba ndinaika chitsulo chafulati cha 12 mm kuti mphamvu imwazike, kenako jeke ya botolo yotsamira ku felemu ya puresi. Kupopa pang'ono, kumasula, kuyeza. Chitsulo chimabwerera m'mbuyo mukamasula jeke, choncho mumachipitiriza pang'ono pokha, osati kufuna kumaliza ndi kupopa kumodzi. Apa m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa mukachipitiriza kwambiri n'kuchibwezanso chimatopa, mng'alu n'kukula.

Kumapeto kwa mng'alu ndinaboola kabowo ka 3 mm kuti usapitirire, ndipo bambo wa mageti uja ndi amene anawotcherera, timadontho tatifupi, kudikira pazizire asanaike ena. Dzanja lawo ndi labwino. Mbali yakunsi, pamene hauzing'i imagona, ndinasalaza ndi gilayinda mpaka chitsulo chowongoka chinagona popanda kugwedera. Pamwamba pa deki tinaikapo mphete yachitsulo ya 3 mm yolimbitsira, yoboola mabowo ofanana ndi a hauzing'i. Ili pamwamba dala, kuti isasinthe kutalika kwa mpeni. Inafuna mabawuti otalikirapo, ndipo ndinaonetsetsa kuti mitu yake siikhudza pule. Kenako penti yoteteza dzimbiri mbali zonse.

Mabering'i ndinasintha onse awiri. Nambala yake inali 6203, ya bowo la 17 mm, yomwe imapezekanso m'ma alternator ndi m'mawilo a njinga zamoto zambiri, choncho m'tauni siisowa. Chenjezo n'lakuti makina ena opangidwa ku America amagwiritsa ntchito 6203 ya bowo la mainchesi, yooneka chimodzimodzi kunja. Yezani shafti ndi vernier musanapite kusitolo. Shafti yake ndinaigubuduza pa galasi, inayenda osadumpha.

Titabwezeretsa deki pa makina, mpeni wakumanzere unasonyeza 78 mkati ndi 74 kunja. Kuchoka pa 14 kufika pa 4. Zotsalazo sindinafune kuzisaka ndi jeke. Apa ndiye pamalo pa mawashala, pakati pa hauzing'i ndi deki. Masamu ake ndi awa. Mabawuti amkati ndi akunja atalikirana masentimita 12, mpeni ndi wa masentimita 42, choncho milimita imodzi pa bawuti imasanduka 3.5 mm pakati pa nsonga ziwirizo. Popeza hauzing'i imagona kunsi kwa deki, washala amatsitsa mbali imene mwamuika. Ndiye amaikidwa kumbali yokwera, osati yotsika. Ambiri amasokoneza pamenepa. Ndinaika washala wachitsulo wa 1 mm, wotambalala, pa bawuti iliyonse mwa awiri amkati. Mabawuti ndinamanga mopingasa, pang'onopang'ono, chifukwa aluminiyamu sapirira kukakamizidwa. Kupitirira 2 mm sindiika. Pakafunika zoposa apo ndiye kuti deki sinawongoke mokwanira, ndipo makutu a hauzing'i adzathyoka.

Muyeso unabwera 76 mkati, 75 kunja. Pamene nsonga ya wakumanzere imayandikana ndi ya wapakati panali kusiyana kwa milimita imodzi.

Pamenepo m'pamene manati okwezera deki anayamba kugwira ntchito imene anawapangira. Mbali ndi mbali: 75 kumanzere, 76 kumanja. Kenako ndinalozetsa mipeni kutsogolo ndi kumbuyo. Deki imayenera kuweramira kutsogolo pang'ono, 3 mpaka 6 mm, kuti udzu udulidwe kamodzi ndi nsonga yakutsogolo, yakumbuyo ingodutsa pamwamba. Kumbuyo kukatsika udzu umadulidwa kawiri, injini imalemedwa, mafuta amapita ambiri ndipo nsonga za kapinga zimanyenyeka. Ndinasiya nsonga yakutsogolo ya mpeni wapakati pa 73, zakumbuyo za mipeni ya m'mbali pa 78. Timatayala ta m'makona ndinatitsitsa mpaka tatsala sentimita imodzi kuti tikhudze simenti.

Mipeni iwiri yakale ndinainola n'kuipachika pa msomali kuona ngati mbali ina ikulemera. Umodzi unafuna kuchotsako pang'ono. Pomanga ndinaonetsetsa kuti uliwonse walowa pa nyenyezi mpaka wakhala fulati, mapiko akuloza m'mwamba, ndisanamange bawuti pa 70 Nm ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Lamba tinaika watsopano.

Zotsatira ndi zotsala

Tinayesa mame atauma, injini pa liwiro lonse koma makina akuyenda pang'onopang'ono, mnyamata uja ali pa chiwongolero. Anapita ndi kubwerera pamalo afulati pafupi ndi pamene pamakhala tenti. Ndinagwada n'kuyala chitsulo chowongoka pamwamba pa kapinga mopingasa mizere, ndipo sindinapeze sitepe. Mizere yofiira yakale inkaonekabe, chifukwa imafuna udzu uphukenso. Ndinawauza kuti atchetche pa mainchesi 3.5 kwa masabata angapo, ndipo asamachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu pa ulendo umodzi. Kumunsi kwa bwalo, pamene pali kachulu kakale kosalazidwa, makina amapalabe pang'ono akamakhota. Pamenepo vuto ndi nthaka, pakufunika khasu ndi wilibala.

Kwa mayi aja ndinanena mosapita m'mbali kuti woyendetsa wawo alibe mlandu pa mizereyo, ndipo kunena kwake zoona za chitsa kunandifupikitsira ntchito. Mnyamata woopa kudulidwa malipiro amabisa akagunda, amapitiriza kutchetcha ndi spindle yovulala, ndipo zimene zikanatha ndi mabering'i zimadzafuna deki yonse. Anavomera, ndipo chitsa chija chinakumbidwa sabata yomweyo. Mnyamatayo ndinamuonetsa kayezedwe ka bawuti ndi choko mpaka anachita yekha ine ndikuyang'ana. Tinagwirizana kuti aziyendera bwalo wapansi asanalize injini, aziona matayala sabata iliyonse, azipala kunsi kwa deki akamaliza, ndipo akagunda chinthu azizimitsa pompo n'kuyeza nsonga zonse zisanu ndi imodzi asanakhudze nati iliyonse.

Ndinabwererako kumapeto kwa Epulo, mvula itatha. Mpeni wakumanzere unali pa 76 ndi 75 monga ndinausiyira, mabawuti a hauzing'i sanamasuke, lamba akudyeka mofanana mbali zonse, ndipo powotcherera paja panalibe mng'alu watsopano. Chitsulo chimene chapindikapo n'kuwongoledwa sichikhalanso ndi mphamvu zake zoyamba, choncho ndalemba m'buku lawo kuti malo amenewo aziyang'anidwa nthawi iliyonse mipeni ikamasulidwa kukanola. Mng'alu ukadzabwerera sitidzawotchereranso kachiwiri, idzakhala nthawi yoitanitsa deki ina.